Chibonga cha Ababa Padenga

Nkubu, Kenya
14 Meyi 2023

Okondedwa Ababa ndi Amayi,

Ndikudziwa chimene chikukuvutani mumtima, choncho ndiyambira pomwepo. Achimwene a Evance andiuza kuti Lamlungu lililonse anthu amakufunsani kuti mwana wanu uja anasiya uphunzitsi n'kupita ku Kenya akuphunzira chiyani. Mwina nanunso mumadzifunsa ngati ndili pabwino. Ndili bwino ndithu. Ndikudya, ndikupemphera, ndipo kuno kumazizira ngati kwathu ku Biriwiri. Kaya inu muli bwanji? Kachewere wakudimba uja wamera?

Ndalemba papepala monga Ababa amafunira, popeza pafoni samva bwino chibwerereni ku migodi. Ndijambula kalatayi ndi foni kuti Achimwene akuwerengereni.

Ntchito yanga ndi iyi. Anthu akuno amalankhula Chimeru, ndipo monga Chichewa cha ku Dedza chimasiyana pang'ono ndi cha ku Thyolo, nawonso ali ndi malankhulidwe angapo. Ine ndikuphunzira a dera lino la Imenti. Sindikuphunzira chinenero chonse, koma timawu tija timanena pamene chinthu chili: pansi pa, kumbuyo kwa, m'kati mwa. Ndi tating'ono, koma popanda ito simungathe kutuma munthu kuti akatenge khasu.

Amene amandiphunzitsa ndi Mayi Kanana, mayi wa zaka makumi asanu ndi atatu, mlimi wa nthochi. Ndimatenga kapu yawo n'kuiika pansi pa mpando, n'kuwafunsa kuti ili kuti. Iwo amayankha ndi mawu akuti rungu rwa. Ndikaiika kuseri kwa chitseko amati nyuma ya. Ndimajambula mawu awo ndi chithunzi cha kapuyo, kenako ndimakalemba m'buku mmene mawuwo amatsatirana. Amandiseka kuti boma la kwathu linanditumiza ulendo wonsewu kudzabisa kapu.

Tsopano ndili ndi pempho. Ababa, inu mukudziwa Chingoni chakale chija munaphunzira kwa agogo, chimene timangochimva m'nyimbo za ngoma. Ndikufuna muchite zomwezi. Achimwene, mutenge zinthu za Ababa eni ake, chifukwa munthu amamasuka akamanena za zinthu zake. Chisoti cha kumgodi muike pansi pa bedi, kenako kuseri kwa chitseko. Chibonga chovinira ngoma muike pakati pa mipando iwiri, kenako padenga. Paliponse muwafunse kuti chili kuti, ayankhe m'Chingoni, mujambule mawu ndi chithunzi, munditumizire.

Mundipatsire moni onse.

Ine mwana wanu,
Ulemu


Biriwiri
28 Meyi 2023

Mlongo wanga Ulemu,

Kuno tilipo. Kachewere wamera bwino koma chisanu chayamba msanga.

Ntchito yako ndagwira dzulo, Amayi atapita kudimba. Ababa anakondwa kuposa mmene ndimaganizira. Anayamba avala chisoticho n'kuima pakhomo ngati akudikira kulowa mumgodi. Nditachiika pansi pa bedi anati phansi, n'kuwonjezera mawu ena ambiri amene sindinamve, n'kuyamba kufotokoza za mzungu wina wa ku Joni. Zonse zili mu foni, uzisankha wekha. Uzimva akutsokomola pafupipafupi, ndi chifuwa chawo chija cha chaka chilichonse.

Kenako tinafika pa chibonga. Anandifunsa ngati iweyo unalembadi kuti padenga. Nditawasonyeza, anaseka n'kunena kuti ngati aphunzitsi atero, kwera. Ndinakwera pamakwerero, n'kuchigoneka pamalata, iwo n'kunena kuti phezulu, kawiri.

Ndili pamwamba pomwepo ndi foni m'manja, azakhali a Mirriam anatulukira kuchokera ku Kandeu, amadzafuna mbewu ya kachewere. Anaima pafupi ndi khola n'kuyang'ana padenga, kenako kwa Ababa, kenako kwa ine. Anafunsa kuti watuma zimenezi ndani. Ndinati Ulemu, ndi za sukulu. Tiyi anakana, mbewu sanatenge, anatsikira kudimba kumene kunali Amayi. Sindikudziwa zimene anakambirana, koma Amayi atabwera anangondifunsa kuti chibonga chili kuti, n'kuchitenga kukachiika kuchipinda kwawo.

Mwina si kanthu. Ndakutumizira zonse.

Ine,
Evance


Nkubu
4 Juni 2023

Okondedwa Ababa, Amayi ndi Achimwene,

Zikomo kwambiri. Zonse zafika. Ababa, mawu anu tsopano ndili nawo kuno. Ndawasunga malo atatu kuti asatayike, ndipo m'mawa uliwonse ndisanayambe ntchito ndimawatsegula n'kumvetsera.

Ndinawamvetsanso Mayi Kanana. Anatseka maso n'kupempha kuti ndibwereze katatu. Akuti bamboyu ali ndi mawu olemera, oyenera kusungidwa. Anadabwa kumva kuti phansi wa Chingoni ndi pansi wathu ndi pachibale. Ndinawafotokozera kuti zinenero zathuzi, ndi chawo chomwe, zinachokera ku tsinde limodzi kalekale, n'chifukwa chake nthawi zina ndimamva mawu awo ngati ndikumva munthu wakwathu akulankhula kuseri kwa khoma.

Koma chifuwacho sichinandisangalatse. Ndawerenga, mwatsokomola kakhumi ndi kanayi m'mphindi zisanu ndi zinayi, ndipo mawu akusasa kumapeto. Chonde pitani kuchipatala cha ku boma akakuyezeni makhololo. Musadikire kuti chisanu chithe.

Azakhali mwina anangotopa ndi ulendo. Muwapatse moni.

Ulemu


Biriwiri
25 Juni 2023

Ulemu,

Ndine mayi ako. Ndalemba ndekha ndi dzanja langa. Evance ajambula kalatayi, ikangopita foniyo ndiitsekera m'sutikesi ya bambo ako ya ku Joni, kiyi ndisunga ine.

Bambo ako mawu atha. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi. Amatsegula pakamwa, pamangotuluka mphepo.

Unali ndi zaka zisanu ndi chimodzi pamene agogo ako aamuna anamwalira, mwina sukumbuka. Pabanja la aNzunga, mwamuna akatsikira kuli chete, chibonga chake chimaikidwa padenga la nyumba yake kuti odutsa adziwe kuti mwini wake wagona. Chimatsika tsiku lometa. Chibonga cha munthu wamoyo sichikwera padenga. Iwe unalemba ndi dzanja lako kuti chikwere.

Ine sindinafune kumvera azakhali ako. Ndinawauza kuti mwana wanga ndi wa mu kwaya, ndinamulera ndekha. Koma kenako inabwera kalata yako yonena kuti mawu a bambo ako uli nawo, wawasunga malo atatu, ndipo mayi wina wakumeneko anatseka maso n'kunena kuti ndi olemera. Sipanathe masabata awiri, mawu n'kuchoka. Undiuze iweyo kuti ndiganize chiyani. Kudimba anthu akandiona amasiya kulankhula. Akuti sukulu yaulere ya kunja siikhala yaulere, pamakhala chimene munthu amapereka.

Azakhali ako akuti awa si matenda a kuchipatala, ndipo jekeseni ikhoza kungowatsiriza. Apeza munthu wa tsidya la malire amene amadziwa zoterezi, abwera Lachinayi. Bambo ako sitinawauze zimene anthu akunena, tangoti ndi wa zitsamba za chifuwa.

Ngati anakunyenga osadziwa, ndikukhululukira. Koma bweza mawu a bambo ako. Zaka makumi anayi ndakhala ndikudzutsidwa ndi mawu amenewo.

Mayi ako,
Rute


Nkubu
26 Juni 2023

Achimwene,

Ndawerenga kalata ya Amayi. Za chibonga sindinadziwe, Mulungu ndi mboni. Chonde, zina zonse tidzakambirana, koma Ababa apite kuchipatala mawa. Munthu amene anagwira ntchito zaka khumi mu fumbi la mgodi, akutsokomola, mawu n'kutha, ameneyo ndi wofunika kuyezedwa msanga. Mundiyankhe.


Nkubu
5 Julaye 2023

Achimwene,

Papita masiku asanu ndi anayi. Ndikuona kuti kalata yanga sinatsegulidwe. Ndaimba kambirimbiri, foni ndi yozima. Ndayesa nambala ya azakhali, akangomva mawu anga amadula.

Dzulo ndinapita kwa aphunzitsi anga aakulu kukapempha kuti ndibwere kwathu. Akuti ndikhoza kupita, koma ndikachoka ndisanapereke ntchito yanga mu Ogasiti, thandizo la sukulu litha ndipo sadzandibwezeranso. Ndakonzeka kusiya. Chimene chikundigwira n'chakuti ndikafika, kodi Amayi adzandilola kulowa m'nyumba? Ndipo ndikafika Ababa n'kupezeka kuti afooka, anthu sadzanena kuti ndabwera kudzatsiriza?

Lero ndinapita kwa Mayi Kanana monga mwa masiku onse. Ndinaika kapu pansi pa mpando n'kuiwala kufunsa funso. Anaitola okha, n'kuthiramo tiyi, n'kundipatsa.

Ngati mwaona izi, ngakhale liwu limodzi lokha.

Ulemu


Pamsika wa Biriwiri
11 Julaye 2023

Ulemu,

Ndabwereka foni ya a Bizwell, amene timagulitsa nawo kabichi. Nambala yako ndinailoweza pamtima. Makalata ako ngati unalemba sindinawaone, foni yanga ikadali m'sutikesi.

Zinthu sizili bwino. Munthu uja anabwera, anawatema mphini pakhosi ndi pachifuwa, n'kusiya mabotolo awiri. Palibe chasintha. Akuonda, malaya akungolendewera, ndipo Loweruka ndinaona magazi pa kansalu kamene amabisa m'thumba. Akafuna kanthu amalemba kuseri kwa kalendala yakale. Kawiri konse alemba kuti, "Ulemu walemba?" Amayi amangopukusa mutu.

Ndanena za chipatala mpaka kukangana ndi azakhali. Akuti ine ndiye ndinakwera padenga, ndikhale chete. Amayi sagona bwino, sadya. Sakudana nawe, akungoopa. Amandifunsa funso limodzi lomwelo, kuti ngati ndi za sukulu ya Chimeru, mawu a bambo ake a Chingoni amawafuniranji?

Kunena zoona, mlongo wanga, inenso sindidziwa. Ulembe kwa Amayi pa nambala ino lero lomwe, ndidikira mpaka msika utatha. Ndikopera papepala ndi dzanja langa, chifukwa chochokera mu foni sachikhudza. Koma usawafotokozere za zinenero za pachibale. Uwauze chifukwa chake.

Evance


Nkubu
11 Julaye 2023

Amayi anga okondedwa,

Mwafunsa funso loyenera, ndipo ndikanayenera kuliyankha mu kalata yoyamba ija. Mawu a Ababa si a sukulu. Aphunzitsi anga sanawapemphe, sakudziwa n'komwe kuti ndili nawo.

Mu Epulo mwamuna wa Mayi Kanana anamwalira. Ndinali nditawajambulapo kamodzi kokha, akundiuza kuti mbuzi ili kuseri kwa nkhokwe. Maliro atatha, mayiwo anandiitana n'kundipempha kuti awamvenso. Anakhala pa mpando n'kumvetsera mwamuna wawo akunena za mbuzi, kasanu. Ana awo onse ali ndi mafoni, koma palibe amene anaganizapo zojambula bambo awo akulankhula.

Tsiku limenelo ndinakumbukira mmene Ababa amatsokomolera pa Khirisimasi, ndipo ndinachita mantha. Ndinaona kuti tsiku lina adzapita, ine ndili kutali, ndipo sindidzakhala ndi kalikonse ka mawu awo, ngakhale Chingoni cha agogo chidzapita nawo. Koma mwana angalembe bwanji kwa bambo ake kuti ndikufuna mawu anu musanamwalire? Ndinaopa kuti mudzati ndikuwalosera. Ndiye ndinabisala kuseri kwa sukulu. Ndinakunamizani pamenepo, ndipo bodza limenelo ndi limene labala zonsezi.

Za chibonga ndinalakwa chifukwa cha umbuli. Ndinalemba padenga chifukwa ndimafuna liwu lotanthauza pamwamba, basi. Ndaphunzira mawu a eni ake kuno chaka chathunthu, mwambo wa pakhomo pathu osaudziwa. Ndikupepesa kwa inu, kwa Ababa ndi kwa azakhali.

Foni siichotsa mawu pakhosi pa munthu, Amayi, monga chithunzi chanu cha ukwati chili pakhoma chija sichinakuchotseni nkhope. Komabe sindikufuna kulimbana nanu. Mukanena kuti ndifufute, ndifufuta malo onse atatu tsiku lomwelo, ndipo sindisunga kalikonse. Mukanena kuti ndisiye sukulu ndibwere, ndikwera basi. Ndikupempha chinthu chimodzi chokha posinthana nazo. Magazi amene Achimwene anaona pa kansalu ka Ababa ndi a m'mapapo. Mupite nawo kuchipatala mawa m'mawa. Akakayezedwa n'kupezeka kuti alibe matenda, mudzanene za ine zonse zimene anthu akunena, sindidzatsutsa.

Ine mwana wanu,
Ulemu


Biriwiri
30 Julaye 2023

ANanzunga,

Ndine bambo anu. Pepani pensulo, cholembera chatha.

Kalata yanu Evance amawawerengera amayi anu kuseri kwa nyumba, motsitsa mawu. Anaiwala kuti wosamva amaona. Ndinaona pawindo mayi akulira ndi pepala m'manja, ndinatuluka n'kulitenga. Ndi mmene ndinadziwira zimene mudzi wonse umadziwa kupatula ine.

Ndinalemba pa kalendala mizere iwiri. Woyamba, chibonga ndinalola ndine, mwambo ndikuudziwa, ndinangoona kuti mwana akufuna liwu ndipo denga silipha munthu. Wachiwiri, mawa tikupita ku boma. Azakhali anu anati ndalodzedwa mpaka nzeru. Ndinalemba mzere wachitatu umene sindingaubwereze kwa mwana wanga.

Anandigoneka masiku khumi ndi awiri. Ndi chifuwa chachikulu, chafika mpaka pammero, ndipo akuti m'mapapo muli zipsera za fumbi la ku Joni. Mankhwala ndi a miyezi isanu ndi umodzi. Adokotala anati tikanachedwanso mwezi zikanavuta. Za mawu akuti mwina abwerera, mwina pang'ono, sakulonjeza. Amayi anu ndi Evance awayezanso, ali bwino.

Sukulu musasiye. Ine ndinapita kutali kukakumba miyala ya eni, inu mwapita kukatola mawu a eni, tonse ndife a Theba, olembedwa ntchito ya kutali. Mumalize kontrakiti.

Ndiululenso kanthu. Mawu aja ndinakupatsani, sindikudziwa kuti a agogo ndi ati, a kumgodi ndi ati. Kumgodi timatinso phansi ndi phezulu tsiku lililonse pokwera ndi potsika. Zinasakanikirana m'mutu mwanga kalekale, koma ndinachita manyazi kunena pamaso pa foni. Amene amasunga nyimbo za agogo bwinobwino ndi amayi anu, chifukwa ndi amene amaimba pamene ife timangoponda pansi.

Akuti ndikuuzeni kuti musafufute. Sanafune kulemba okha. Dzana anatsegula sutikesi, n'kumuuza Evance kuti aitchaje foniyo. Anakhala pakhonde n'kundimvetsera ndikunena za chisoti pansi pa bedi, ine mwini wake nditakhala pambali pawo ngati mlendo. Pa chifuwa chija anati, tamverani, munthuyu amadwala kale.

Bambo anu,
Silvester Nzunga


Nkubu
6 Ogasiti 2023

Amayi anga okondedwa,

Kalata ya Ababa ndaiwerenga mpaka ndailoweza. Zikomo powaperekeza. Ndikudziwa kuti sizinali zophweka kudutsa pakati pa mudzi m'mawa umenewo, anthu akuyang'ana.

Mtima wanga sunakhazikike kwenikweni. Mankhwalawo asadumphe ngakhale tsiku limodzi, ngakhale atayamba kumva bwino, chifukwa matendawa akabwerera amabwera ovuta. Mawindo azikhala otsegula ngakhale kukuzizira. Ntchito yanga ndipereka pa 25, ndipo ndikalandira chilolezo ndibwera mu Okutobala. Ndikufuna ndidzapite ndekha ku Kandeu kukapepesa kwa azakhali, ngati mungandiperekeze.

Nyimbo zanu sindikupemphani lero. Ndikadzafika ndidzakhala pansi n'kufunsa bwinobwino, ndipo ndidzayamba ndanena chifukwa chake.

Ababa alemba kuti adokotala sakulonjeza za mawu. Ndikudziwa kuti m'mawa uliwonse mumadikira kuti mumve ngati atuluka, ndipo mumaopa kuwafunsa. Mayi Kanana akuti munthu amene wakhala chete nthawi yaitali sayambira pa nkhani zazikulu, amafuna funso laling'ono limene yankho lake ndi liwu limodzi.

Ndiye ngati mungafune, tsiku lina akadzuka ndi mphamvu, yesani nokha. Foni ikhale m'sutikesi, pasakhale Evance, pasakhale aliyense. Mutenge kapu yawo ya tiyi ija yobenthuka pamlomo, muiike pansi pa mpando iwo akuona, ndipo muwafunse kuti ili kuti. Akakusekani, asiyeni aseke. Akatenga kalendala, muwalande pensulo mwaulemu n'kudikira pang'ono. Akapanda kuyankha, muthiremo tiyi, mudzayesenso sabata ya mawa.

Akayankha, ngakhale monong'ona, simuyenera kundiuza liwu limene anena. Limenelo likhale lanu.

Ine mwana wanu,
Ulemu